Kulumikiza pulogalamu ku database: kusankha driver woyenera ndi kukonza makonzedwe ake

Pulogalamu ikakana kulumikizana ndi database, anthu ambiri amayamba ndi kusintha pasiwedi. Zikakanika amazimitsa chitetezo chimodzichimodzi mpaka uthenga wa vuto utasowa. Pulogalamu imayendadi, koma chimene chinayambitsa vutolo chimakhala chisanapezeke, ndipo khomo la database limatsala lotseguka. Pakati pa pulogalamu yanu ndi database pali zigawo zingapo, ndipo uthenga uliwonse wa vuto umaloza gawo limodzi. Ntchito yanu ndi kupeza gawolo n'kukonza lokhalo.

Driver ndi womasulira. Seva ya PostgreSQL ili ndi kalankhulidwe kake pa netiweki, ya MySQL ili ndi kake, ya SQL Server imalankhula TDS. Pulogalamu yanu sidziwa zonsezi, imangopereka funso la SQL kwa driver, iye n'kulitumiza m'njira imene sevayo imamva. JDBC ya Java, ODBC, PDO ya PHP ndi DB-API ya Python si madriver ayi. Ndi malamulo a mmene pulogalamu iyenera kuitanira driver. Driver weniweni amakhala wa database imodzi: pgJDBC ndi psycopg ndi a PostgreSQL, Connector/J ndi wa MySQL, ojdbc ndi wa Oracle.

Manambala atatu oti mulembe poyamba

Musanasinthe chilichonse, lembani version ya zinthu zitatu: ya chilankhulo chimene pulogalamu ikuyendera, ya driver, ndi ya seva ya database. Ya seva mumaipeza ndi `SELECT version();` pa PostgreSQL ndi MySQL, kapena `SELECT @@VERSION;` pa SQL Server. Ya Java mumaipeza ndi `java -version`, koma lamuloli lilembedwe pa makina amene pulogalamu imayendera tsiku ndi tsiku, osati pa laputopu ya amene anailemba. Makina awiriwa amasiyana kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Ya driver ndiye imanyenga. Nambala imene munalemba mu fayilo ya pulojekiti si nthawi zonse imene ikugwira ntchito, chifukwa laibulale ina ikhoza kubwera ndi driver wake wakale, kapena seva ya Tomcat, yoyendetsa mapulogalamu a Java, ikhoza kukhala ndi jar ina (fayilo ya Java yonyamula driver) mu foda yake ya `lib`. Pa Maven, chida chomangira mapulojekiti a Java, gwiritsani `mvn dependency:tree` kuti muone amene walowadi. Njira yosanama ndi kufunsa driver mwiniwake kudzera mu `getMetaData().getDriverVersion()` kulumikizana kukatheka, n'kulemba yankholo mu log nthawi iliyonse pulogalamu ikamayamba. Ndi mzere umodzi wokha, koma umapulumutsa maola ambiri tsiku la mavuto.

Driver ayenera kugwirizana ndi mbali zonse ziwiri. Kumbali ya Java, driver wopangidwira Java watsopano sayenda pa Java wakale, ndipo mudzaona `UnsupportedClassVersionError` pamodzi ndi nambala. Nambala 52 ndi Java 8, 55 ndi Java 11, 61 ndi Java 17, ndipo 65 ndi Java 21. Uthenga ukanena kuti fayilo ndi ya 55 pomwe makina anu amalekeza pa 52, ndiye kuti mwatenga driver wa Java 11 pamene mukuyendetsa Java 8. Microsoft imalemba zimenezi pa dzina la fayilo, lomwe limathera ndi `jre8` kapena `jre11`. Oracle nayo imachita chimodzimodzi ndi `ojdbc8.jar` ndi `ojdbc11.jar`. Nambala ya pa dzinalo ikunena za Java, osati za version ya database, ndipo ambiri amasokonezeka pamenepa.

Kumbali ya seva, driver watsopano nthawi zambiri amatha kulankhula ndi seva yakale pang'ono, koma driver wakale amagwa akakumana ndi seva yatsopano. Choncho pokweza zinthu, yambani ndi driver, muyese, kenako mukweze seva.

Pamene driver sakupezeka n'komwe

Uthenga wa `No suitable driver found` uli ndi zifukwa ziwiri zokha zodziwika: jar ya driver palibe pamene Java ikuyang'ana, kapena chiyambi cha URL (adilesi ya database imene mumapatsa driver) chalakwika. Driver aliyense amazindikira URL yake poona mawu oyambirira. Mukalemba `jdbc:postgres://` m'malo mwa `jdbc:postgresql://`, driver amangoti si yanga, ngakhale jar ilipo. Kuyambira JDBC 4.0, yomwe inabwera ndi Java 6, driver amadzilembetsa yekha, kotero `Class.forName` siifunikanso m'mapulogalamu ambiri. Ngati makonzedwe anu amafunabe dzina la class, dziwani kuti Connector/J 8 amagwiritsa `com.mysql.cj.jdbc.Driver`, osati dzina lakale la `com.mysql.jdbc.Driver`.

Pa Python vuto lofanana nalo limaoneka pa SQLAlchemy, laibulale yogwirira ntchito ndi database. Kuyambira version 1.4 siilandiranso URL yoyamba ndi `postgres://`, imafuna `postgresql://`. Ndi bwino kutchuliratu driver mu URL, monga `postgresql+psycopg2://`, kuti pasakhale kuganizira.

ODBC pa Windows ili ndi msampha wake. Pulogalamu ya 32-bit imafuna driver wa 32-bit ngakhale Windows yonse ili ya 64-bit. Mazenera okonzera DSN (dzina losungira makonzedwe a kulumikizana) alipo awiri ndipo mafayilo ake ali ndi dzina limodzi, `odbcad32.exe`. La mu `System32` ndi la 64-bit, la mu `SysWOW64` ndi la 32-bit, mosemphana ndi mmene mayinawo amamvekera. Mukaona IM014, uthenga wonena za `architecture mismatch`, driver ndi pulogalamu asiyana pamenepa. Mukaona IM002, DSN kapena dzina la driver silinapezeke. Onetsetsani kuti dzina la mu connection string likufanana chilembo ndi chilembo ndi limene linaikidwa: `ODBC Driver 17 for SQL Server` si `ODBC Driver 18 for SQL Server`. Pa Linux, `odbcinst -j` imakuonetsani mafayilo a `odbcinst.ini` ndi `odbc.ini` amene unixODBC ikuwerengadi.

Kodi uthenga ukufika pa seva?

Driver akapezeka, musayese ndi pulogalamu yanu kaye. Yesani netiweki yokha, muli pa makina amene pulogalamu imayendera. Pa Linux lembani `nc -zv dzina-la-seva 5432`, pa Windows lembani `Test-NetConnection dzina-la-seva -Port 5432` mu PowerShell. Ma port ozolowereka ndi 5432 ya PostgreSQL, 3306 ya MySQL ndi MariaDB, 1433 ya SQL Server, ndi 1521 ya Oracle.

Mayankho awiri olephera amatanthauza zinthu zosiyana. `Connection refused` imabwera msanga, ndipo ikutanthauza kuti makinawo mwawafika koma palibe akumvetsera pa port imeneyo. Ikangokhala chete mpaka nthawi kutha, ndiye kuti firewall ikutaya uthengawo panjira kapena adilesi ndi yolakwika. Pa vuto loyambalo yang'anani seva. PostgreSQL ikangoikidwa imamvetsera pa makina ake okha, chifukwa `listen_addresses` imakhala pa `localhost`, ndipo mukaisintha seva iyenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso. MySQL ili ndi `bind-address`, yomwe pa Ubuntu imabwera itaikidwa pa 127.0.0.1. SQL Server Express imabwera TCP/IP ili yozimitsa, ndipo named instance (kope la SQL Server loikidwa ndi dzina lakelake) imasankha port yake yosinthasintha, yomwe driver amaifunsa kwa SQL Server Browser pa UDP 1434. Ndi bwino kuipatsa instance port yokhazikika n'kuilemba mu URL.

Mawu oti `localhost` amafunika kusamala nawo. Kwa pulogalamu ya `mysql` ndi PHP pa Linux, `localhost` amatanthauza fayilo ya socket, osati netiweki, n'chifukwa chake mumaona vuto la 2002 lonena za socket pamene seva ikuyenda bwinobwino. Mukalemba 127.0.0.1 mumaikakamiza kudutsa pa TCP. Koma Connector/J amadutsa pa TCP ngakhale mutalemba `localhost`, choncho lamulo la `mysql` likhoza kulowa pamene Java ikukanidwa pa makina omwewo. Mkati mwa container ya Docker, `localhost` ndi container yomweyo. Database ikakhala mu container ina, gwiritsani dzina la service yake.

Pa Oracle, siyanitsani SID ndi service name, njira ziwiri zotchulira database imene mukufuna. URL ya service name imalembedwa `jdbc:oracle:thin:@//seva:1521/dzina`, ya SID imalembedwa `jdbc:oracle:thin:@seva:1521:dzina`. ORA-12514 ikutanthauza kuti listener, pulogalamu ya Oracle yomvetsera pa port, sakudziwa service imene mwatchula, ORA-12505 ikutanthauza kuti sakudziwa SID. Onse awiri akukuuzani kuti netiweki ili bwino.

Pasiwedi yolondola koma mukukanidwa

Apa ndi pamene driver wakale amaonekera kwambiri, chifukwa njira zotsimikizira pasiwedi zasintha m'zaka zapitazi.

MySQL 8.0 inasiya `mysql_native_password` n'kuyamba kugwiritsa `caching_sha2_password` pa maakaunti atsopano. Driver wakale saidziwa njira imeneyi. Ena amanena kuti plugin singatsegulidwe, PHP yakale imanena kuti seva yapempha njira yosadziwika. Malangizo ambiri amati bwezerani akaunti ku njira yakale ndi `ALTER USER`. Zimenezo zimathandiza kwa kanthawi chabe, chifukwa mu MySQL 8.4 njira yakaleyo imabwera yozimitsa, ndipo mu 9.0 inachotsedweratu. Kwezani driver. Mukakweza mukhoza kukumana ndi uthenga wina, `Public Key Retrieval is not allowed`. Umabwera pamene kulumikizana kulibe TLS, njira yobisa deta panjira, ndipo driver akufuna kiyi ya seva kuti abise pasiwedi asanaitumize. Kuika `allowPublicKeyRetrieval=true` kumathetsa uthengawo, koma kumatanthauza kuti driver alandira kiyi kuchokera kwa aliyense amene wayankha, ngakhale wonamizira kukhala seva. Pa laputopu yoyesera palibe vuto. Pa seva yogwira ntchito yeniyeni, yatsani TLS.

PostgreSQL inabweretsa SCRAM-SHA-256 mu version 10, ndipo kuyambira 14 mapasiwedi atsopano amasungidwa m'njira imeneyi m'malo mwa MD5. pgJDBC wakale amati `The authentication type 10 is not supported`. Nambala 10 imeneyi ndi ya njira yotsimikizira, si version ya seva. Mukufunika pgJDBC 42.2.0 kapena woposa. Madriver odalira libpq (laibulale yolumikizira ya PostgreSQL), monga psycopg2 ndi wa PHP, amafuna libpq 10 kapena yoposa, ndipo apa chokweza ndi laibulale ya pa makinawo, osati phukusi la Python lokha. Oracle nayo imakana madriver akale kwambiri ndi ORA-28040.

Palinso kukanidwa kosakhudza driver. PostgreSQL imawerenga `pg_hba.conf`, fayilo yonena amene aloledwa kulowa, kuchokera pamwamba n'kuima pa mzere woyamba wogwirizana ndi akaunti, database ndi adilesi yanu. Mzere wanu watsopano ukakhala pansi pa wina wogwirizana kale, sudzawerengedwa. Mukasintha fayiloyi, `SELECT pg_reload_conf();` ndi yokwanira. Mu MySQL akaunti ndi dzina pamodzi ndi kumene ikuchokera: `'app'@'localhost'` ndi `'app'@'%'` ndi maakaunti awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake ndi zilolezo zake. Uthenga wa 1045 umaonetsa adilesi imene seva yakuonani mukuchokera, werengani imeneyo.

Onaninso zilembo za mu pasiwedi. Ikalembedwa mkati mwa URL, chilembo cha @ chiyenera kulembedwa `%40`, cha # chikhale `%23`, cha / chikhale `%2F`. Kupanda kutero, driver amadula pasiwedi pakati n'kuyesa mbali yotsalayo ndi dzina la seva. Chabwino koposa n'kusaika pasiwedi mu URL n'komwe. Iperekeni payokha, kuchokera mu environment variable kapena malo osungira zinsinsi, chifukwa ma URL amakonda kulembedwa mu log, ndipo fayilo ya makonzedwe imakonda kukalowa mu Git.

TLS ndi satifiketi

Pulogalamu yomwe yayenda zaka ikhoza kugwa tsiku lokweza driver wa SQL Server. Chifukwa chake n'chakuti JDBC driver 10.2, ODBC Driver 18 ndi Microsoft.Data.SqlClient 4.0 anasintha `encrypt` kuti izikhala yoyatsa pokhapokha mutaizimitsa. Driver amayamba kufufuza satifiketi ya seva, ndipo ngati ili yodzisainira yokha amaikana. Java imanena `PKIX path building failed`. Yankho lofala ndi `trustServerCertificate=true`. Ndi makonzedwe amenewa deta imabisidwa panjira, koma simukutsimikiza kuti amene mukulankhula naye ndi seva yanu. Njira yoyenera ndi kuika satifiketi yosainidwa ndi CA (bungwe losaina masatifiketi) pa seva, kulowetsa satifiketi ya CA mu truststore (fayilo ya masatifiketi amene Java imakhulupirira) ndi `keytool`, ndi kulumikiza pogwiritsa dzina limene lili pa satifiketiyo, osati adilesi ya manambala.

PostgreSQL ili ndi `sslmode` ya magawo asanu ndi limodzi. Yokhazikika ndi `prefer`, yomwe imayesa TLS koma ikalephera imapitiriza popanda kubisa, osakuuzani. `require` imakakamiza kubisa koma siitsimikiza dzina la seva. `verify-full` yokha ndiyo imafufuza satifiketi pamodzi ndi dzina, ndipo ndiyo muyenera kugwiritsa database ikakhala pa makina ena.

Vuto lina limachokera ku mbali inayo. Java 8u291 ndi 11.0.11, zomwe zinatuluka mu 2021, zinazimitsa TLS 1.0 ndi 1.1. Seva yakale yomwe sidziwa TLS 1.2 imakanidwa ndi uthenga wotchula `TLS10`. N'zotheka kuyatsanso njira zakalezo mu fayilo ya `java.security`, koma kutero kumafooketsa pulogalamu iliyonse yoyendera Java imeneyo. Konzani seva.

Zimene zimalakwika kulumikizana kutatheka

Kulowa sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Yesani zilembo. Lembani mawu okhala ndi ŵ mu tebulo, kenako muwawerenge. Mukaona chizindikiro cha funso, pali gawo lina limene lili pa latin1, yomwe ilibe chilembo chimenechi, ndipo mwina chilembocho chatayika kale. Mukaona `Åµ`, deta ya UTF-8 yawerengedwa ngati latin1. Mu MySQL, `utf8` yakale imasunga mabayiti atatu okha pa chilembo, kotero emoji imakanidwa ndi `Incorrect string value`. Gwiritsani `utf8mb4` pa tebulo ndi pa kulumikizana komwe. Mu PDO imalembedwa mu DSN monga `charset=utf8mb4`.

Yesaninso nthawi. Sungani ola lodziwika, muliwerenge kudzera mu pulogalamu ndi kudzera mu chida cha database, muone ngati akufanana. Connector/J 8 amasintha nthawi potengera dera la seva ndi la Java. Makonzedwe ake ankatchedwa `serverTimezone`, ndipo kuyambira 8.0.23 amatchedwa `connectionTimeZone`. Kusunga zonse mu UTC n'kumasintha poonetsa kwa wogwiritsa ntchito kumachepetsa mavuto ambiri a mtundu uwu.

Kenako malire a nthawi yodikira. Madriver ambiri akatumiza funso amadikira yankho mpaka kalekale ngati simunawaikire malire, ndipo netiweki ikaduka pulogalamu imangouma. Ikani `connectTimeout` ndi `socketTimeout`, koma samalani ndi muyeso: pgJDBC amawerenga m'masekondi, Connector/J amawerenga m'mamilisekondi. Mukakopera `socketTimeout=30` kuchokera ku PostgreSQL kupita ku MySQL, mafunso anu azidulidwa pakangotha mamilisekondi 30. `socketTimeout` ikhale yotalika kuposa funso lanu lochedwa kwambiri, apo ayi malipoti akuluakulu azidukira panjira.

Pool

Kutsegula kulumikizana kwatsopano pa funso lililonse kumadya nthawi, n'chifukwa chake mapulogalamu amasunga angapo otseguka mu pool. Apa pamafunika masamu ochepa. PostgreSQL imalola 100 pa `max_connections` ngati simunasinthe, MySQL imalola 151. HikariCP, pool ya Java yomwe Spring Boot imagwiritsa kuyambira version 2, imatsegula mpaka 10. Makope 12 a pulogalamu, lililonse ndi pool ya 10, akufuna 120, ndipo PostgreSQL iyamba kukana ndi `too many clients already`. Powerengera musaiwale mapulogalamu a malipoti, a zosunga zobwezera, ndi nthawi yokweza pulogalamu pamene makope akale ndi atsopano amayenda limodzi. Kukweza `max_connections` si yankho loyamba, chifukwa mu PostgreSQL kulumikizana kulikonse kuli ndi process yake yodya memory. Pool yaing'ono nthawi zambiri imakwanira, bola pulogalamu izibweza kulumikizana ikamaliza. Pool ikamatha ngakhale anthu ali ochepa, fufuzani pamene pulogalamu ikutenga osabweza. Mu Java gwiritsani try-with-resources, ndipo `leakDetectionThreshold` ya HikariCP idzakuonetsani mzere wolakwawo.

Vuto lodziwika ndi la m'mawa: pulogalamu inayenda bwino dzulo, lero funso loyamba lagwa ndi `Communications link failure` kapena `MySQL server has gone away`, lachiwiri layenda. MySQL imatseka kulumikizana kumene kwakhala chete masekondi 28800, omwe ndi maola 8, malinga ndi `wait_timeout`. Firewall kapena load balancer ya pakati ikhoza kudula pakangopita mphindi zochepa, osauza mbali iliyonse. Pool imakhala ikusunga chingwe chakufa. Pezani malire aafupi kwambiri pa njira yonse, ndipo muike moyo wa kulumikizana pansi pa malirewo. Mu HikariCP ndi `maxLifetime`, yomwe imayambira pa mphindi 30. Mu SQLAlchemy ndi `pool_recycle`, pamodzi ndi `pool_pre_ping=True` yomwe imayesa kulumikizana isanakupereke kwa pulogalamu. Musadalire `autoReconnect=true` ya Connector/J, chifukwa ikalumikizanso transaction imene inali pakati imakhala itatayika.

Ngati pakati pali PgBouncer, pool ya PostgreSQL yoyenda payokha yomwe imamvetsera pa port 6432, onani mmene yaikidwira. Ikakhala pa transaction pooling, transaction iliyonse ikhoza kupita pa kulumikizana kwina kwa seva. pgJDBC akaona funso limodzi kasanu amalisunga pa seva ngati prepared statement yokhala ndi dzina, ndipo akadzaliitana pa kulumikizana kwina mumaona uthenga woti `prepared statement "S_1" does not exist`. Vutoli silioneka poyesa kamodzi kapena kawiri, limadzabuka anthu akachuluka. Ikani `prepareThreshold=0` mu URL, kapena gwiritsani PgBouncer 1.21 kapena yoposa, yomwe imatha kusamalira ma prepared statement kudzera mu `max_prepared_statements`.

Mukakonza zonsezi, khomerani version ya driver mu fayilo ya pulojekiti ndi nambala yeniyeni, osati mawu oti atenge watsopano aliyense. Tsiku lokweza driver kapena seva, werengani zimene opanga alemba zokhudza makonzedwe osintha, kenako pa makina oyesera bwerezani zinthu zinayi: kulowa ndi TLS yotsimikiza satifiketi, kulemba ndi kuwerenga ŵ, kusunga ola lodziwika, ndi kusiya pulogalamu chete kupitirira malire a firewall musanatumize funso lina.